Madontho a pamkono wanga ali ndi anzawo kumwamba

Munthu akalembetsa dzina la wokondedwa wake pakhungu, dzinalo limathera pomwepo. Akajambulitsa duwa, duwa limene wojambulayo anaonera linafota kalekale. Koma wina akadinditsa mwezi, kapena Nsangwe, kapena nyenyezi zinayi za Mtanda wa Kumwera, chimene chili pathupi pakecho chimakhala ndi chinzake kunja, ndipo usiku kukakhala kopanda mitambo angathe kutukula mkono n'kuyerekeza ziwirizo. Ichi ndi chimene chimandikoka mtima pa ma tattoo a zakuthambo. Ndi chimenenso chimandichititsa kukhala wamakani pa kajambulidwe kake, moti anzanga ena amati ndimaonjeza.

Ndaonapo ambiri. Mayi wina ali ndi miyezi itatu kumbuyo kwa khosi, uliwonse mmene unkaonekera usiku umene anabereka mwana: woyamba wathunthu, wachiwiri theka, wachitatu kachidutswa kowonda. Bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito m'sitima zapamadzi ali ndi nyenyezi ya nsonga zisanu, mbali zina zakuda zina zoyera, imene amalinyero akhala akudinditsa kuyambira kale pokumbukira Polaris, nyenyezi ya kumpoto imene imaoneka ngati sisuntha ndipo inkawalozera njira. Mtsikana wina ali ndi Saturn pachidendene, kakang'ono kwambiri. Onsewa mukawafunsa amayankha mofanana: "Ndimangoikonda basi." Nkhani yeniyeni imatuluka mukakhala nawo nthawi, ndipo kawirikawiri imakhala ya kubadwa, ya imfa, kapena ya chaka chimene munthuyo sankaganiza kuti achimaliza ali moyo.

Pali chifukwa chimene amabisalira kumbuyo kwa nyenyezi. Dzina limafuula. Mukalemba dzina la mwana amene anamwalira, aliyense wokhala nanu pampando umodzi amawerenga, n'kufunsa kuti ndi ndani, ndipo mumakakamizika kusankha pakati pa kunama ndi kutsegula bala pamaso pa mlendo. Madontho asanu ndi awiri safuula. Wodutsa amangoti ndi zokongoletsa. Wodziwa zakuthambo amazindikira gululo n'kumwetulira. Amene mwamusankha nokha ndiye amamva zonse. Ndimaona kuti uwu ndi ulemu waukulu umene chithunzi chingapereke kwa chisoni cha munthu, kuti chikhale poyera koma osasanduka nkhani ya aliyense.

Anga ndi asanu ndi awiri, mkati mwa mkono wamanzere: nyenyezi zitatu zondondozana za Akamwiniatatu, ndi zinayi zozizungulira, zimene pamodzi zimapanga gulu lotchedwa Orion. Achimwene anga ndiwo anandiphunzitsa kuzipeza. Ankandigwira mutu ndi manja onse awiri n'kuupotokola pang'onopang'ono mpaka maso anga atafika pa zitatuzo. Akatero ankati, "Tsata mzerewo mbali iyi, upeza Sirius, yowala kuposa zonse. Bwerera, utsate mbali inayo, upeza yofiirira, imeneyo ndi Aldebaran. Pitirira pang'ono, ukuona kagulu kothithikanako? Ndi Nsangwe zimenezo." Sanaphunzire zakuthambo kusukulu. Ankangokonda kudziwa dzina la chinthu chilichonse, ndipo ankaona kuti n'kulakwa kuyenda pansi pa thambo moyo wonse osadziwako ngakhale nyenyezi imodzi.

Anamwalira mwezi wa Juni. Amene amayang'ana kumwamba adziwa kale chimene ndikufuna kunena. M'mwezi umenewu dzuwa limakhala chakufupi ndi Orion, choncho gululi limatuluka pamodzi ndi dzuwa n'kulowa nalo limodzi, ndipo usiku wonse simungalione. Chifukwa chake ndinkachidziwa bwino, achimwene omwewo anali atandifotokozera kuti dziko likamazungulira dzuwa, mbali ya thambo imene timayang'ana usiku imasintha mwezi ndi mwezi. Koma kudziwa sikunandithandize. Ndinkatuluka panja usiku, maso kumwamba, osapeza kanthu, ndipo mtima wanga unkangoti apita nazo.

Zinabwerera chakumayambiriro kwa Ogasiti. Tulo tinali titandithawa, ndipo mbandakucha ndinatsegula chitseko. Kum'mawa kunali kutayamba kuyera pang'ono, ndipo zitatuzo zinali pomwepo, zitaimirira mondondozana pamwamba pa mitengo. Imodzi mwa izo, Mintaka, ili pafupi kwambiri ndi mzere wogawa thambo pakati, choncho imatulukira kum'mawa kwenikweni n'kukalowera kumadzulo kwenikweni, kaya munthu ali ku Cairo, ku Lima kapena ku Tokyo. Sindinalire tsiku la maliro mmene ndinalirira m'mawa umenewo. Sikuti ndinkaganiza kuti achimwene asanduka nyenyezi, ayi, zimenezo sindizikhulupirira. Chinandigwira ndi chakuti chinthu chimene anandipatsa chinali chidakalipo, chabwera pa nthawi yake, ndipo chidzabweranso chaka chamawa popanda ine kuchita chilichonse.

Tsiku lokadinditsa ndinapita ndi pepala langa. Wojambulayo, mnyamata waulemu wa manja odekha, analiyang'ana n'kutulutsa foni yake.

"Mwaitembenuzatu iyi, chemwali. Taonani, yolondola ndi iyi."

Pa zithunzi zonse zimene anandionetsa, Betelgeuse, nyenyezi yofiirira, inali pamwamba chakumanzere, ndipo Rigel, yoyera mobiriwira, inali pansi chakumanja.

"N'zoona, achimwene," ndinatero, "koma imeneyo ndi mmene amaionera munthu amene ali kumpoto kwa dziko. Ine ndinaiphunzira ndili kumwera. Ikafika pamwamba, Rigel ndiye imakhala kumtunda."

Sanatsutse. Tinatsegula Stellarium, pulogalamu yaulere imene mukaiuza malo, tsiku ndi ola imakuonetsani thambo mmene linalili, ndipo anaona yekha gulu lonselo litatembenuzika. Anang'amba pepala lake loyamba n'kuyambiranso. Anameta timaubweya, anapukuta khungu ndi mankhwala ozizira, n'kumata pepala lija. Atalichotsa panatsala timadontho tofiirira moderako. Anandiuza kuti ndipinde mkono, nditambasule, ndiupotokole, kuti tione ngati mzere wa zitatuzo ukukhota khungu likakokeka. Unkakhota pang'ono, ndiye anafufuta n'kusunthira chakumtunda. Kenako makina anayamba kulira. Dontho lililonse linkatenga kanthawi kochepa, kuwawa kwake kotentha, ndipo akapukuta inki yotsala ndinkaona kachitunda kakang'ono kotupa, pakati pake pali bii. Rigel ndi Betelgeuse anazikulitsa kuposa zinzake chifukwa ndi zowala kwambiri. Anandifunsa ngati ndikufuna Betelgeuse ikhale yofiira. Ndinakana, poti inki yofiira ndi imene imayabwa anthu ambiri kuposa mitundu ina, komanso pakhungu lakuda ngati langa sikanaoneka bwino.

Ena angati kodi kutembenuza madontho n'kofunika motero? Kwa ine n'kofunika kwambiri, ndipo apa ndi pamene makani anga aja amachokera. Ngati mphamvu ya chithunzichi ili poti chili ndi chinzake kumwamba, ndiye kuti ziwirizo ziyenera kufanana. Chikapanda kufanana chimatsala chokongoletsa chabe. Kukongoletsa si tchimo, koma si chimene munthu wachisoni uja anapitira kwa wojambula.

Mwezi ndi umene umalakwitsidwa kwambiri. Anthu ambiri amene amafuna mwezi wa tsiku limene mwana anabadwa amangotenga chithunzi pa intaneti, osadziwa kuti mwezi ukamakula, munthu wa kumpoto kwa dziko amaona mbali yakumanja itawala, pamene wa kumwera amaona yakumanzere. Amene ali pafupi ndi pakati pa dziko amauona utagona chagada, nyanga zake zitaloza kumwamba. Choncho mwezi umene kwa wina ukutanthauza kukula, kwa mnzake ukutanthauza kutha. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pamene unayambira, ndiye kuphonya ndi masiku atatu okha kumasintha maonekedwe ake moonekeratu. Palinso chithunzi chotchuka cha nyenyezi yokhala mkati mwa nyanga za mwezi. Chimenechi sichingachitike kuthambo, chifukwa mbali yamdimayo si yopanda kanthu, ndi mwezi womwewo, thanthwe lalikulu limene limatchinga chilichonse chili kumbuyo kwake. Wochifuna ngati chizindikiro achidinditse, ali ndi ufulu. Koma asanene kuti umu ndi mmene kumwamba kunalili usiku umene anakumana ndi mkazi wake.

Pali mnzanga wina amene amanditsutsa pa zonsezi, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Iye amati magulu a nyenyezi kulibe. Nyenyezi za Orion sizili pamodzi. Kuwala kwa Bellatrix kumatenga zaka pafupifupi 250 kuti kutifike, kwa Rigel zaka pafupifupi 860, ndipo kwa zitatu zapakati zija zaka 1,000 kapena kuposerapo. Zimangooneka zoyandikana chifukwa cha pamene taima. Magulu 88 amene akatswiri amagwiritsa ntchito anachita kugwirizana anthu pamsonkhano wa bungwe la International Astronomical Union mu 1922, ndipo malire ake anajambula ndi Eugène Delporte wa ku Belgium, n'kuwasindikiza mu 1930. Ndiye ukamaumirira "zoona," amatero, ukuumirira zoona za chinthu chopeka.

Zonse zimene amanenazo n'zoona, koma sindifika pamene iye amafika. Kuti Orion amaoneka chonchi kuchokera pano pokha ndi chimene chimapatsa madontho anga tanthauzo. Munthu atakhala pa dziko lina lakutali, nyenyezi zomwezi zingamwazike mwamtundu wina. Chithunzi chili pamkono wangachi chimanena za nyenyezi, komanso chimanena za malo amene woyang'anayo anaima, ndipo poti ndinachitembenuza, chimanenanso mbali ya dziko imene iye ndi mlongo wake anaima. Mizere yolumikiza nyenyezi ndi yopeka, n'chifukwa chake sindinaijambulitse. Madontho okha ndi amene maso amaona.

Kumene ndimagwirizana naye ndi pa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya zizindikiro za mwezi wobadwira, za Leo, Scorpio ndi zinzake, zimene mwina ndi zofala kuposa ma tattoo ena onse a kuthambo. Masiku a zizindikirozi anaikidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo dziko lapendekera kwina, poti limagwedezeka pang'onopang'ono mozungulira kamodzi pa zaka pafupifupi 26,000. Zotsatira zake n'zakuti anthu ambiri amene amadzitcha Leo anabadwa dzuwa lili m'gulu la Cancer. Dzuwa limadutsanso m'gulu la Ophiuchus kumayambiriro kwa Disembala, ngakhale kuti gululi silili pamndandanda wa zizindikiro khumi ndi ziwirizi. Sindinyoza munthu amene ali ndi Scorpius paphewa, ndi gulu lokongola zedi, lokhota mchira bwinobwino, lokhala ndi Antares yofiira pakati. Ndimangolakalaka atalidziwa kumwamba. Ambiri sanalionepo, mwina chifukwa analifunafuna pa tsiku lawo lobadwa, pamene lili chakufupi ndi dzuwa. Yachiwiri ndi ya makampani ogulitsa mayina a nyenyezi. Amakupatsani satifiketi yokongola ndi manambala osonyeza pamene nyenyeziyo ili, anthu n'kukadinditsa manambalawo pachifuwa. Dzina logulidwalo silidziwika kwa katswiri aliyense, ndipo bungwe ndatchula lija linanena poyera kuti siligulitsa mayina ndipo silivomereza ogulitsidwa. Zimandipweteka chifukwa ogula ambiri ndi anamfedwa.

Pali mawu ena amene ndimawamva kawirikawiri kwa anthu amene anadinditsa nyenyezi pokumbukira womwalira. Amati nyenyezi zimene timaona zinafa kalekale, chimene chikutifika ndi kuwala kwake kokha, ndipo momwemonso wokondedwa wawo anapita koma kuwala kwake kudakalipo. Ndimamvetsa chifukwa chake mawuwa amatonthoza, ndipo sindingawatsutse pamaso pa munthu amene akugwetsa misozi. Koma pano ndinene: si zoona. N'zoona kuti timaona zakale. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kochokera kudzuwa kumatenga mphindi 8, kwa Sirius zaka zoposa 8, kwa Nsangwe zaka pafupifupi 440. Koma nyenyezi zambiri zimene maso amaona popanda makina zili pa mtunda wa zaka mazana kapena masauzande ochepa, pamene ngakhale nyenyezi zosakhalitsa zimakhala zaka mamiliyoni. Zaka 800 pa moyo wa nyenyezi si kanthu. Nyenyezi mukuionayo iliko, ikuyaka.

Ine ndimapeza chitonthozo chachikulu m'zoonazi kuposa m'nthano ija. Sindifuna kuuzidwa kuti ndikuyang'ana manda owala. Ndimafuna kudziwa kuti Rigel imene achimwene anailoza ndi chala ndi yomweyo imene ndikuiona, ndipo ikugwirabe ntchito yake. Chakumapeto kwa 2019, Betelgeuse inayamba kuzirala mpaka aliyense woidziwa ankaona kuti yasintha, ndipo pofika mu Febuluwale 2020 inali itachita mdima kwambiri. Kunali mphekesera zoti ikufuna kuphulika. Ndinkatuluka madzulo alionse kukaiona, kenako n'kuyang'ana dontho langa, limene tsopano linali lalikulu kuposa mmene nyenyeziyo inkayenera. Pambuyo pake akatswiri anapeza kuti inali itatulutsa mpweya umene unazizira n'kusanduka fumbi, fumbilo n'kuitchinga. Inawalanso. Idzaphulika ndithu tsiku lina, mkati mwa zaka pafupifupi 100,000 zikubwerazi. Miyezi imeneyo inandiphunzitsa kuti chinzake cha tattoo yanga n'chamoyo m'njira yakeyake, chimasintha, ndipo ndimayenera kumachiyendera.

Tsopano ndinene za inki, poti apa ndi pamene nkhaniyi imandizunguza mutu mokoma. Inki yakuda ya tattoo imapangidwa ndi kaboni, mwaye wosalala kwambiri. Zakhala choncho kuyambira kale. Mtembo wa munthu wotchedwa Ötzi, umene unapezeka m'madzi oundana m'mapiri a Alps mu 1991, uli ndi ma tattoo 61, ndipo mwiniwakeyo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 5,300 zapitazo. Mizere yakeyo inadetsedwa ndi mwaye. Nanga kaboni anachokera kuti? Chilengedwe chitangoyamba kunali pafupifupi haidrojeni ndi hiliyamu zokha. Mu 1925 Cecilia Payne anasonyeza kuti nyenyezi zinapangidwa makamaka ndi ziwirizi, akuluakulu a nthawiyo n'kuyamba amukayikira. Mu 1953 Fred Hoyle anawerengetsa kuti mkati mwa nyenyezi zokalamba, tizidutswa titatu ta hiliyamu tiyenera kumalumikizana n'kupanga kaboni, ndipo anaumiriza akatswiri a ku California kuti ayese zimene ananenazo. Anayesa n'kupeza kuti akunena zoona. Mu 1957 iye pamodzi ndi Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge ndi William Fowler anafotokoza mwatsatanetsatane mmene nyenyezi zimapangira zinthu zolemerapo. Choncho kaboni amene ali m'dontho la Betelgeuse pamkono wangapa anapangidwa mkati mwa nyenyezi zina zimene zinatha dzuwa lisanabadwe. Chimodzimodzinso kaboni wa khungu limene wakhalapo, ayironi wa m'magazi amene anatuluka singano italowa, ndi kashiamu wa fupa lili pansi pake.

Ndipo thupi silingosunga inkiyo mwakachetechete. Khungu lapamwamba limafundula n'kusinthika pafupifupi mwezi uliwonse, n'chifukwa chake singano imalowa kupitirira pamenepo, mamilimita amodzi kapena awiri, kukafika pa khungu lamkati. Kumeneko maselo oteteza thupi amathamangira inkiyo poiyesa mdani, amaimeza, koma amalephera kuigaya, ndiye amangokhala nayo pomwepo. Akatswiri a ku Marseille, ku France, anasonyeza mu 2018, poyesa pa mbewa, kuti maselowa akafa amataya inkiyo, ena atsopano n'kuimezanso pamalo omwewo, ngati alonda amene amapatsirana makiyi posinthana ntchito. Tattoo imene ndimaiona lero sikusungidwa ndi maselo amene anailandira tsiku loyamba. Thupi langa lakhala likupatsirana madonthowa osaleka, ine osadziwa n'komwe.

Si onse amene amasankha zimene maso amaona. Mnzanga wina, mphunzitsi wa masamu, ali ndi kadontho kamodzi kokha pakati pa mzere wotuwa, kuseri kwa dzanja. Anthu amayesa chipsera. Ndi chithunzi cha dziko lathu chimene chombo cha Voyager 1 chinajambula pa 14 Febuluwale 1990, chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi mabiliyoni 6. Carl Sagan ndiye analimbikira kuti chombocho chitembenuze kamera n'kuyang'ana kumene chinachokera, ndipo dziko linatuluka laling'ono kuposa kadontho kamodzi ka chithunzicho. Mnzangayu anadinditsa atachira matenda a nkhawa amene anamugoneka pafupifupi chaka. Amati mtima ukayamba kuthamanga amayang'ana kadonthoko n'kukumbukira kuti ngongole zake, abwana ake, manyazi ake, zonse zili mkati mwa kameneko. Ndinamufunsa ngati kuchepa koteroko sikumuopsa. Anati chimene chinkamuopsa kale chinali kukula kwa zinthu.

Ena amadinditsa mapu amene ali pa chivundikiro cha chimbale chagolide cha Voyager, zombo ziwiri zimene zinanyamuka mu 1977. Ndi mizere 14 yotuluka pamalo amodzi, uliwonse ukuloza nyenyezi yamtundu wa pulsar, imene mafunde ake amatifika mogunda ngati wotchi, ndi mzere wina wautali woloza pakati pa Mlalang'amba wathu. Anakonza mapuwa ndi Frank Drake, ndipo anayamba kuikidwa pa chombo cha Pioneer 10 mu 1972, patangopita zaka zochepa Jocelyn Bell Burnell atatulukira pulsar yoyamba ku Cambridge mu 1967. Cholinga chake n'chakuti aliyense wodzatola chombocho adzadziwe kumene chinachokera. Ndaona kuti amene amawakonda kwambiri ndi anthu amene anasamukasamuka, amene funso loti kwanu n'kuti limawavuta kuyankha. Palinso a Pluto, ndi chigawo chake chooneka ngati mtima chimene chombo cha New Horizons chinajambula mu Julayi 2015, chitanyamula phulusa pang'ono la Clyde Tombaugh amene anaitulukira mu 1930. Ambiri a iwo amati amaikonda chifukwa inachotsedwa pagulu la mapulaneti mu 2006 koma ikuzungulirabe dzuwa monga kale. Amene anachotsedwapo ntchito kapena kusiyidwa ukwati safuna kuwafotokozera zambiri pamenepa.

Koma khungu si pepala, ndipo zakuthambo ndi zina mwa zinthu zovuta kwambiri kuzisunga pakhungu. Inki imafalikira pang'onopang'ono zaka zikamapita. Timadontho tating'onoting'ono toyandikana, timene timaoneka bwino tsiku loyamba, timadzalumikizana n'kukhala chibanga chimodzi. Nsangwe ndi zimene zimavutika kwambiri, poti kukongola kwake kuli pa kuthithikana, ndiye wozifuna azikulitse ndipo asiye mpata wokwanira pakati. Milalang'amba yamitundumitundu, yofiirira ndi yobiriwira yopanda mzere wakuda wozungulira, imafuna wojambula waluso lenileni, ndipo pakapita zaka ingathe kuoneka ngati munthu anamenyedwa. Inki yoyera imasuluka msanga kapena kusanduka yachikasu. Kwa ife akhungu lakuda palinso china: mtundu wa khungu uli pamwamba pa inki, choncho chilichonse chojambulidwa chimaonekera kudzera m'khungulo. Mitundu yowala imazimirira, yakuda yolimba ndiyo imakhalitsa. Pemphani wojambula akuonetseni ntchito zake zimene zinapola kale pakhungu lofanana ndi lanu, osati zithunzi za tsiku lomwelo khungu lili lonyezimira ndi mafuta. Ngati thupi lanu limapanga zipsera zotupa, ganizani kawiri ndipo funsani dokotala kaye. Ndipo singano ikhale yatsopano, yotsegulidwa inu mukuona, inki ithiridwe m'kabotolo kanu nokha, chifukwa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ngakhalenso HIV, angathe kudutsira pa zipangizo zogwiritsidwa kale ntchito. Akakhumudwa ndi mafunso amenewa, nyamukani. Ikapola, itetezeni ku dzuwa, poti kuwala kwake kumaphwanya inki.

Mwana wamkazi wa achimwene aja tsopano ndi namwali, ndipo akufuna yake. Poyamba ankafuna kukopera yanga. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, awa ndi a ine ndi bambo ako. Iwe peza ako, ndipo usadinditse nyenyezi imene sungathe kuiloza wekha panja." Anakwiya masiku angapo, kenako anabwera ndi nzeru imene ine sindinaiganizepo. Anapeza kuti pali nyenyezi zowala zimene kuwala kwake kumatenga zaka zofanana ndi msinkhu wa munthu: Altair pafupifupi 17, Vega ndi Fomalhaut 25, Pollux 34, Arcturus 37, Capella 43, Aldebaran 65. Akadzakwanitsa zaka 25, kuwala kwa Vega ndi Fomalhaut kumene kudzalowe m'maso mwake kudzakhala kumene kunanyamuka chaka chimene anabadwa, bambo ake ali moyo, akumunyamula. Wasankha Fomalhaut, chifukwa kumene amakhala imadutsa pamwamba kwambiri madzulo a Okutobala ndi Novembala, pamene Vega imadutsa chapansipo kumpoto, komanso chifukwa ili yokhayokha m'dera la thambo lopanda nyenyezi zina zowala, ndiye sivuta kuipeza. Zaka zoti adikire zidakalipo zingapo. Panopa tikukangana za malo: iye akufuna kuseri kwa khutu, ine ndikumuuza kuti pamenepo sadzatha kuiona popanda galasi, ndipo dontho limodzi lokha pamalo otero anthu adzangoliyesa kachiphuphu.